Nthambi ya Kemisitiri ya ku Chirunga ndi Kaboni wa Zilumikizo Zondondozana

Nthambi ya kemisitiri ya Yunivesite ya Malawi, imene ili pa Chirunga mumzinda wa Zomba, ndiyo yakale kuposa nthambi zonse zophunzitsa phunziroli mpaka pa digiri m'dziko muno, ndipo kwa anthu a ku Ulongwe, okhala m'mbali mwa msewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Mangochi, ndi kumene madzi a m'mijigo, zipatso za m'tchire ndi mizu ya asing'anga a m'dera lawo zingakapimidwe popanda kuyenda makilomita opitirira 100. Mbiri ya nthambiyi ingalembedwe potsata mayina a aphunzitsi kapena chiwerengero cha omaliza maphunziro, koma imamveka bwino kwambiri ikaikidwa pafupi ndi kagawo kamodzi kakang'ono ka kemisitiri ya kaboni, kofufuza mamolekyulu okhala ndi zilumikizo zapawiri zondondozana, chifukwa kagawo kameneka, ngakhale sikanatchukitse Zomba, kamasonyeza poyera zimene labotale ya m'dziko losauka inkatha kuchita, zimene zinkaikanika, ndi chifukwa chimene inatengera njira imene inatenga.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, patangopita miyezi yochepa dziko litalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro anayamba pa 29 Sepitembala 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90, Dr. Ian Michael akuyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku pamene mpando waulemu wa mkulu wa yunivesite unali wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Koleji ya Chancellor, m'mene munali maphunziro a sayansi, inakhala ku Chichiri mpaka 1973 pamene inasamukira ku Zomba, nthawi imene boma linali kukonzekera kuchoka mumzindawu kupita ku Lilongwe, ndipo posamukapo inaphatikizidwa ndi koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill komanso sukulu ya malamulo ndi kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Kuphatikizidwa ndi Soche Hill kunali ndi zotsatira zokhalitsa, pakuti kunasenzetsa nthambi ya kemisitiri udindo wosula aphunzitsi a m'sekondale, ndipo ndi kudzera mwa aphunzitsi amenewa, pamodzi ndi anzawo a ku koleji ya Domasi, m'mene kemisitiri ya kaboni inafikira m'makalasi a m'maboma a Machinga ndi Balaka, amene mpaka 1998 anali boma limodzi. Wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE amaloweza magulu a alkane, alkene ndi alkanol, ndipo amauzidwa kuti madzi ofiirira a bromine amataya mtundu wake akakumana ndi alkene. Pamenepo m'pamene maphunziro a m'sekondale amaima, ndipo nkhani ya zilumikizo zondondozana imayambira patsogolo pang'ono.

Atomu ya kaboni imagwirana ndi maatomu ena kudzera m'zilumikizo zinayi, ndipo chilumikizo chilichonse ndi maelekitironi awiri amene maatomu awiri oyandikana amagawana. Maatomu awiri a kaboni akagawana maelekitironi anayi, chilumikizocho chimatchedwa chapawiri, ndipo akagawana 6 chimatchedwa chapatatu, monga mmene zilili mu mpweya wa acetylene umene owotcherera zitsulo amayatsa. Molekyulu ikakhala ndi zilumikizo zapawiri ziwiri, zikhoza kutalikirana kotero kuti chilichonse chichita zachokha, zikhoza kulekanitsidwa ndi chilumikizo wamba chimodzi chokha kotero kuti maelekitironi ake amayenderana, zimene zimapatsa zinthu zambiri mtundu wake monga kufiira kwa tomato, kapena zikhoza kukumana pa atomu imodzi ya kaboni, m'ndondomeko yolembedwa C=C=C. Mamolekyulu a mtundu wotsirizawu ndiwo otchedwa allene, ndipo yaing'ono kuposa onse ndi propadiene, mpweya wokhala ndi maatomu atatu a kaboni ndi anayi a haidirojeni. Zilumikizo zotere zikapitirira ziwiri, dzina lake limakhala cumulene, limene Richard Kuhn ndi Kurt Wallenfels anayamba kugwiritsa ntchito ku Germany mu 1938.

Chodabwitsa cha allene chili m'kaimidwe kake. Kaboni wapakati, popeza wapereka zilumikizo zake zonse zinayi kwa anzake awiri, sakhala ndi haidirojeni ngakhale mmodzi, ndipo maatomu atatuwo amafola mu mzere woongoka, koma timagulu tiwiri ta kumapeto kumodzi sitigona mofanana ndi tiwiri ta kumapeto kwinako: tina tikagona chopingasa, tinato timaima chilili, kusiyana madigiri 90. Zotsatira zake n'zakuti ngati mbali iliyonse yanyamula timagulu tiwiri tosiyana, molekyuluyo imapezeka m'maonekedwe awiri amene ali ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, ofanana m'zonse koma osatheka kusanjikizana ndendende. Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands, amene mu 1901 anakhala woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya kemisitiri, analosera zimenezi mu 1875 mwa kulingalira kokha, panthawi imene panalibe chida chilichonse choonera molekyulu, ndipo panapita zaka 60 kufikira 1935 pamene Peter Maitland ndi William Mills anazitsimikiza ku Cambridge. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti allene ndi zoseweretsa za akatswiri, zosakhazikika ndiponso zosapezeka m'chilengedwe, kufikira 1952 pamene Walter Celmer ndi I. A. Solomons anaonetsa kuti mycomycin, mankhwala opha tizilombo opangidwa ndi kachilombo kena, ali ndi ndondomeko imeneyi, ndipo pofika 2004 mamolekyulu achilengedwe a mtunduwu odziwika anali pafupifupi 150.

Sikuti kemisitiri imeneyi inali ya ku Ulaya kokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, pamene koleji ya Chancellor inali ikadali ku Chichiri, Yunivesite ya Makerere ku Kampala inali ndi gulu lodziwika padziko lonse lofufuza allene, lotsogozedwa ndi Stephen Landor ndi Phyllis Landor, ndipo mmodzi mwa ophunzira awo, Zacharias Tanee Fomum wa ku Cameroon, anamaliza digiri yake ya udokotala kumeneko mu 1973 n'kukapitiriza ntchitoyo ku Yaoundé. Gululi linkapanga mamolekyulu atsopano mu labotale, ntchito imene imafuna mankhwala ogulidwa kunja mosalekeza, magetsi odalirika ndi bata. Idi Amin atalanda boma mu 1971, bata linatha, mkulu wa yunivesiteyo Frank Kalimuzo anasowa mu 1972, ndipo akatswiri ambiri anachoka m'dzikomo. A Landor anakapitiriza ntchito yawo ku Jamaica, ndipo mabuku atatu aakulu a kemisitiri ya allene amene Stephen Landor anasonkhanitsa anasindikizidwa ku London mu 1982. Chimene chinachitika ku Makerere chimasonyeza kuti kafukufuku wotere anali wotheka mu Africa, komanso kuti ankadalira kwambiri anthu ochepa ndi ndalama zakunja, moti anthuwo akanyamuka, ambiri mwa maluso ankanyamuka nawo.

Zomba inatchuka ndi ntchito ina, yosululula zimene chilengedwe chinapanga kale m'malo mopanga zatsopano. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Kuyanika mizu, kuipera, kuiviika mu mowa wa m'labotale ndi kulekanitsa zosungunukamo ndi ntchito yotheka ndi magalasi wamba, koma kudziwa mmene maatomu afolera m'molekyulu yopezekayo kumafuna makina okwera mtengo. Allene, mwachitsanzo, amadziwika chifukwa amameza kuwala kosaoneka kwa infrared pafupi ndi nambala 1950 pa sikelo ya makinawo, ndipo pa makina a NMR, amene amagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri poonetsa malo a maatomu a kaboni ndi haidirojeni, kaboni wapakati uja amaonekera kutali ndi anzake, cha m'ma 200. Makina amakono a NMR amafuna mpweya wa helium wozizira mpaka kusanduka madzi, wothiridwa nthawi ndi nthawi, ndipo dziko lopanda doko, limene njanji zake za ku Beira ndi ku Nacala zinasokonezedwa ndi nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, silikadapeza zinthu zotere mosavuta. Chuma chimene Malawi anali nacho chinali zomera ndi nzeru za asing'anga.

Munthu amene dzina lake limaonekera kwambiri m'zolemba za nthawiyo ndi Jerome Msonthi, amene anagwira ntchito ndi magulu awiri a ku Ulaya. Ndi gulu la Giovanni Battista Marini-Bettolo ndi Corrado Galeffi la ku Rome, a Msonthi anafufuza Hypoxis nyasica, kachomera ka maluwa achikasu kokhala ndi tsinde lonenepa la pansi pa nthaka, ka mtundu umodzi ndi kamene m'zaka za m'ma 1990 kanatchuka ku South Africa pa dzina la African potato. Mu 1985 gululi linalengeza molekyulu yatsopano yotchedwa nyasoside, imene ikachotsedwa shuga imasiya nyasol, ndipo msana wa nyasol ndi maatomu asanu a kaboni okhala ndi zilumikizo zapawiri ziwiri zolekanitsidwa ndi kaboni mmodzi, kutanthauza kuti ndi wa mtundu woyamba mwa mitundu itatu yafotokozedwa ija. M'bale wake rooperol, wochokera ku zomera za mtundu womwewo, ali ndi msana wa maatomu asanu omwewo koma wokhala ndi chilumikizo chapawiri chimodzi ndi chapatatu chimodzi. Kusiyana kwa pakati pa ndondomeko yotereyi ndi allene ndi kochepa kwambiri, pakuti atomu imodzi ya haidirojeni ikasuntha kuchoka pa kaboni woyandikana ndi chilumikizo chapatatu kupita ku mapeto ake enawo, chotsalacho chimakhala zilumikizo zapawiri ziwiri zondondozana, ndipo kusuntha kotereku ndi imodzi mwa njira zakale kwambiri zopangira allene mu labotale.

Mgwirizano wachiwiri unali ndi Kurt Hostettmann ndi Andrew Marston a ku Lausanne m'dziko la Switzerland, ndipo cholinga chake china chinali likodzo, matenda amene anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, kum'mawa kwa Ulongwe, amawadziwa bwino. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi tisanalowe m'thupi la munthu, ndipo popeza mankhwala ophera nkhono ogulidwa kunja anali odula, ofufuzawo ankafuna zomera za kuno zimene zingachite ntchito yomweyo. Mu 1984 anafalitsa zimene anapeza mu Diospyros usambarensis, mtengo wa mtundu umodzi ndi mchenje, m'mene munali mankhwala opha nkhono ndi nguwi, mu 1985 anafotokoza za Talinum tenuissimum, m'mene munali mankhwala ochita thovu otchedwa saponin, ndipo pambuyo pake anafika mpaka ku zomera za ku Nyika monga Polygala nyikensis. Ntchito yozindikira chomera chilichonse ndi dzina lake la sayansi inalimbikitsidwa pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba komweko mu 1987.

Wowerenga zolembazo lero sangalephere kuona mmene ntchito inagawidwira: chomera, nzeru ya sing'anga ndi luso lotolera zinali za ku Malawi, pamene makina, ophunzira ambiri amene anapeza madigiri a udokotala ndi magazini osindikiza zinali za ku Ulaya. Kunena kuti Zomba inangodyeredwa masuku pamutu kungakhale kupeputsa a Msonthi ndi anzawo, amene popanda iwo sipakadapezeka nyasoside, ndipo mayina awo ali pa zolembazo. Komabe n'zoona kuti gawo la ntchito limene limasula katswiri wodziwa kuwerenga kapangidwe ka molekyulu linkachitikira kutali, ndipo palibe mankhwala a m'zomerazi amene analowa m'malo mwa praziquantel, mapiritsi amene ana a sukulu amalandira mpaka lero.

Mu 1994 John Saka ndi a Msonthi anafalitsa zotsatira za kupima zipatso 16 za m'tchire, zina mwa izo malambe, masuku, maula, masau ndi matowo, ndipo kuchokera pamenepo chidwi cha nthambiyi chinayamba kupendekera ku chakudya. Apa nkhani imafika pakhomo penipeni pa Ulongwe, dera la milambe ndi thonje. Mafuta a njere za malambe ndi a njere za thonje ali ndi asidi awiri osowa, malvalic ndi sterculic, amene pakati pa msana wawo pali kamphete ka maatomu atatu a kaboni kokhala ndi chilumikizo chapawiri, kotchedwa cyclopropene. Kamphete kameneka pakokha kali ndi maatomu ofanana ndendende ndi a propadiene, atatu a kaboni ndi anayi a haidirojeni, kungoti apa apindidwa m'malo mofola, ndipo akatswiri amapanga allene potsegula timphete ta maatomu atatu totere. Asidi amenewa amasokoneza mmene thupi la nyama limasinthira mafuta, n'chifukwa chake nkhuku zodyetsedwa kwambiri zotsalira za njere za thonje zimaikira mazira amene choyera chake chimafiirira akakhalitsa, ndipo n'chifukwa chakenso mafuta a thonje amayenera kuyengedwa ndi kutenthetsedwa asanagulitsidwe ngati ophikira.

Allene enieni nawonso sali kutali. Leonotis nepetifolia, chitsamba chachitali cha tsinde la ngodya zinayi chokhala ndi mipira yaminga yotuluka maluwa a mtundu wa lalanje, chimene chimamera m'mbali mwa misewu ndi m'minda yogonera m'madera otentha a Africa, Malawi ali momwemo, chili ndi njere zimene pafupifupi magawo 16 pa 100 aliwonse a mafuta ake ndi asidi wa laballenic, wa maatomu 18 a kaboni ndi zilumikizo zapawiri ziwiri zondondozana. Asidiyu anapezedwa mu 1964 ndi ofufuza a unduna wa zaulimi wa ku America ku Peoria m'chigawo cha Illinois, chaka chomwecho chimene Yunivesite ya Malawi inabadwa, ndipo gulu la a Landor linamupanga mu labotale mu 1966. Wofala kuposa onse ndi neoxanthin, wopezeka m'tsamba lililonse lobiriwira, la chimanga, la nkhwani kapena la bonongwe, amene chomera chimamudula kuti chipange asidi wa abscisic, chizindikiro chimene chimatseka timabowo ta pa tsamba nthaka ikauma kuti madzi asathe msanga. M'boma ngati la Balaka, kumene ng'amba ya pakati pa dzinja si yachilendo, kupirira kwa chimanga kumadutsa m'molekyulu imeneyi. M'nyanja, ndere zazing'ono zotchedwa diatom, zimene ndi mbali ya chakudya cha chambo, zimakola kuwala kwa dzuwa mothandizidwa ndi fucoxanthin, amene nayenso ndi allene.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mgwirizano waukulu wa nthambiyi unakhala ndi dziko la Sweden, makamaka kudzera m'bungwe la International Science Programme la pa Yunivesite ya Uppsala, ndipo kachitidwe kake kanali kosiyana, pakuti wophunzira ankalembetsa digiri kwawo, n'kumapita ku Sweden kwa miyezi yowerengeka kukagwiritsa ntchito makina, kenako n'kubwerera. A Saka anagwira ntchito ndi Linley Chiwona-Karltun, Jonathan Mkumbira ndi Hans Rosling pa chinangwa cha ku Nkhata Bay, ndipo anaonetsa kuti kuwawa kumene alimi amamva polawa kumayenderana ndi kuchuluka kwa linamarin, molekyulu yokhala ndi chilumikizo chapatatu pakati pa kaboni ndi naitirojeni, imene imatulutsa poizoni wa cyanide ngati chinangwa sichinaviikidwe mokwanira popanga ufa wa kondowole. Gulu lina, m'mene munali Elizabeth Henry, Wellington Masamba ndi Samson Sajidu, linafufuza njere za chamwamba ngati njira yoyeretsera madzi ndi kuchotsamo zitsulo zoopsa monga mtovu ndi cadmium. Ngakhale chidwi chawo chinali pa mapuloteni ndi zina zokoka zitsulo, njere zomwezo zikaphwanyidwa zimatulutsa isothiocyanate, molekyulu ya ndondomeko N=C=S, m'mene kaboni wapakati ali ndi zilumikizo zapawiri ziwiri monga mu allene koma anzake ndi naitirojeni ndi sulufule; ukali wa mpiru pamphuno umachokera ku molekyulu ya gulu lomwelo, ndipo ngakhale mpweya umene munthu amatulutsa popuma, O=C=O, uli ndi kaimidwe kameneka.

Ntchito ya madzi inafikanso m'dera loyandikana ndi Ulongwe. Mu 2007 a Sajidu, pamodzi ndi Emmanuel Fabiano ndi anzawo ena, anafalitsa zotsatira za kupima madzi akumwa m'boma la Machinga pofuna kudziwa malo amene ali ndi fluoride wambiri, mchere wosungunuka kuchokera m'miyala umene ukapitirira mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita, woikidwa ndi bungwe la World Health Organization, umadetsa mano a ana ndi mawanga ofiirira osachoka. Chaka chotsatira a Sajidu ndi anzawo ena anayesa kuchotsa mcherewu pogwiritsa ntchito bauxite, dothi la aluminiyamu lopezeka pa phiri la Mulanje. Kafukufuku wotere sakhala ndi ulemerero wa kupeza molekyulu yatsopano, koma zida zake n'zotheka kuzisunga ku Zomba, ndipo wophunzira amatha kuchita ntchito yonse ndi manja ake, kuyambira pa mjigo mpaka pa lipoti.

Nthambiyi sinakhale kunja kwa ndale za koleji. Mu 2011, mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, umene unayamba mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kuti afotokoze zimene ananena m'kalasi, unaimitsa maphunziro pa Chirunga kwa miyezi yambiri, ndipo malabotale anakhala chitsekere pamodzi ndi makalasi ena onse. Komanso nthambiyi yakhala ikupereka atsogoleri mopitirira kukula kwake: a Fabiano anakhala mkulu wa koleji ya Chancellor asanakhale nduna ya zamaphunziro mu 2014 ndipo pambuyo pake nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, a Saka anasankhidwa kuyendetsa yunivesite yonse mu 2013, ndipo a Sajidu anakhala pa mpando womwewo yunivesite itagawidwa. Ulemu umenewu uli ndi mtengo wake, chifukwa pulofesa amene watengedwa kupita ku ofesi yaikulu sakhalanso ndi nthawi yambiri yoima pa benchi ndi ophunzira.

Kugawidwako kunatsirizika pa 4 Meyi 2021, pamene Polytechnic inakhala MUBAS ndipo makoleji a udokotala ndi unamwino anakhala KUHeS, Bunda itachoka kale kukakhala LUANAR, kotero kuti koleji ya Chancellor inatsala yokha ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Malamulo a kutolera zomera nawonso anasintha kuchokera m'masiku a mgwirizano wa ku Rome ndi ku Lausanne. Pangano la mayiko loteteza zamoyo zosiyanasiyana, losainidwa ku Rio de Janeiro mu 1992, linavomereza kuti dziko lililonse ndi mwini wa zomera ndi nyama zake, ndipo pangano la ku Nagoya la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo Malawi analivomereza, limafuna kuti wofufuza wakunja ayambe wapempha chilolezo ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu, ndi boma komanso ndi anthu osunga nzeruyo, asananyamule mizu, njere kapena zosululidwa zake kupita nazo ku labotale ya kunja.